Kagetsi Kofiira ka pa Khonde

Atelala anatseka shopu yawo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, mayi awo atagwa kubafa n'kuthyoka chiuno. Makina osokera anawakankhira pakona, ndipo lero amangosanjikapo mankhwala ndi matewera. Kusambitsa ndi iwo, kudyetsa ndi iwo, kuyanika matiresi padzuwa ndi iwonso. Mlongo wawo, mzime wa m'banjamo, amakhala kutali, ndipo ntchito yake yonse ndi kuyimba foni Lamlungu.

Tsiku lina gogoyo anatsegula geti n'kutsetsereka ndi ndodo mpaka kumsewu waukulu, Atelala ali kuseri akuchapa. Mzime atamva anati, "Achemwali, tiyike kamera panja." Iye anangonena pakamwa. Amene anaponda masitolo atatu dzuwa likuswa mtengo ndi Atelala.

Sanagule mwachimbulimbuli. Ya mawaya anaikana, poti mayi awo angakodwe. Ya mabatire anaikananso: akwere makwerero mwezi ndi mwezi ndani? Anasankha yoyendera dzuwa, yosaopa mvula, yoliza foni munthu akangoyandikira geti. Wogulitsa anailumikiza ku foni yawo ndi ya mzime, n'kuwaonetsa kagetsi kofiira kamene kamayaka wina akamaonera.

Nsanje inayambira pa kagetsiko. Gogoyo atamva kuti mwana wawo wamwamuna akhoza kuwaona, anasiya kuvutitsa posamba. M'mawa uliwonse amafuna mpango wabwino ndi mafuta kumaso, kenako mpando pakhonde, maso ali pamwamba pa chitseko. Kakayaka amagwedeza dzanja ngati mtsikana. Mnansi aliyense wodutsa amauzidwa kuti, "Mwana wanga wandiyikira maso pakhomo." Atelala amamva ali kukhitchini, mtima ukuwawa. Zaka zonsezi za manja osuwa ndi sopo, palibe anawapakira mafuta kumaso.

Patapita milungu iwiri kagetsi kanaleka kuyaka. Gogoyo anakhala pakhonde mpaka masana masiku atatu, chakudya akungochigwiragwira. Lamlungu Atelala anamufunsa mlongo wawo.

"Aa, chakamera chija ndinachichotsa pafoni, achemwali. Chimangolira pantchito, ngakhale galu akadutsa. Si muli pomwepo inu?"

Kunena zoona, Atelala anakondwa. Anagona ndi mawu okonzakonza, oti awauze mayi awo pa nthawi ya tiyi, aone ngati dzina la mzime lidzatulukenso m'kamwamo.

Kutacha anawasambitsa, anawamanga mpango, anawakhazika pakhonde. Anabwera ndi tiyi, mawu ali kale pamlomo. Gogoyo sanatembenuke n'komwe. Khosi linali lopendekera kumwamba, dzanja lili m'malere kudikira.

Atelala anabwerera kukhitchini ndi tiyiyo, anatenga foni n'kutsegula kamera. Pagalasi anaona nkhope ya mayi awo ikuwala, dzanja likugwedezeka. Anaonerera nthawi yaitali, poti nkhope imeneyo anali asanaionepo ikuyang'ana iwo chonchi.

"Iwe! Tabwera msanga!" gogoyo anakuwa. "Wayatsa! Ndinakuuza ine, uyu saiwala mayi ake. Bweretsa tiyi uja ndimwe akundiona."

"Ndikubwera, amayi," anayankha Atelala.

Anatsamiritsa foni ku chitini cha shuga kuti kagetsi kasazime, n'kupita kukawagwirira kapu.