Mawaya Asanu ndi Awiri

Amuna anga sadziwa kukhala pansi. Takhala limodzi zaka makumi atatu ndi zinayi, koma mpando wawo wa pabalaza ukadali ngati wogula dzulo. Ku fakitale kumene ankakonza magetsi a makina anzawo ankawatchula kuti a Chiphaliwali, ndipo atapuma pantchito dzinalo anabwera nalo kunyumba pamodzi ndi zinyalala zawo.

Zinyalalazo iwo amati makapasita. Ndi zitini zolemera, zina zazikulu kuposa njerwa, zokhala ndi timitu tiwiri pamwamba. Amakazichotsa m'makina akufa kwa ogula zitsulo zakutha. Akuti mkati mwake muli pulasitiki wopyapyala ngati khungu la anyezi, ndipo ntchito yake ndi kusunga magetsi n'kuwatulutsa onse kamodzin'kamodzi. M'chipinda chakuseri, chimene ine ndinkachifuna kalekale kuti ndiikemo makina anga osokera, anapangiramo chowotcherera malata, chodzutsira maginito ofooka, ndi chinanso chopanda ntchito n'komwe, chongokweza moto wabuluu pakati pa mawaya awiri. Chikangoti thaa, nkhuku za aneba zimabalalika, inenso mtima uli m'mwamba. Nkhalamba yonseyi, zidzukulu zinayi, kumaseweretsa mphenzi m'nyumba.

Koma pa chinthu chimodzi sindingawanamizire, ndi munthu wosamala. Kapasita aliyense, asanapite pashelefu, amayamba amukhudza ndi ndodo yochotsera magetsi, kenako timitu tiwiri tija amatimanga pamodzi ndi waya wa kopa.

"Izi zimangonamizira kugona, mayi," ankatero. "Mukazisiya zosamanga, magetsi amabwereramo okha."

Ine ndinkangoti eya, maso ali pa zosoka zanga.

Chaka chatha anayamba kuiwalaiwala. Magalasi ali pamphumi iwo akuwasaka nyumba yonse, ketulo kuisiya pamoto mpaka kuuma. Mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino, anabwera n'kunena mosapita m'mbali kuti chipinda chija chitsekedwe chisanawaphe. Anakangana mpaka tiyi kuzizira. Pomaliza bambo ake anati, "Tsiku limene kapasita mmodzi yekha adzapezeke wosamanga, ndidzatseka ndekha, kiyi ndidzapereka kwa amayi akowa."

Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa. Komabe tsiku lina chimphepo chinagwetsa tomato wanga kuseri kwa nyumba, chingwe ndinalibe, iwo anali atapita kokatola zinyalala zina. Ndinalowa m'chipinda muja. Pashelefu yapansi panali makapasita afumbi lokhalokha, oti sanakhudzidwe zaka. Ndinati izi n'zakufa kale izi, waya wabwinobwino akungowonongeka. Ndinamasula asanu ndi awiri n'kukamangira tomato ku mitengo yake. Za lonjezo lija sizinandibwerere n'komwe m'mutu.

Patapita masiku anayi anandipeza kukhitchini ndikutsuka mbale. Anaika kiyi patebulo pang'onopang'ono.

"Asanu ndi awiri, mayi. Osati mmodzi." Mawu awo anali otsika. "Chikundiopsa n'chakuti ndikukumbuka bwinobwino ndikuwamanga. Ndiye kuti ngakhale zimene ndikukumbukazo n'zabodza."

Apa m'pamene ndinayenera kuyankhula. Pakamwa ndinatsegula ndithu, koma ndinaona kiyi uja, m'maganizo ndinaona makina anga osokera ali pawindo la chipinda chija, ndinaona nyumba yopanda thaa. Ndinatenga kiyi n'kuika m'thumba la epuloni. Ndimachita manyazi mpaka lero.

Ndinkaganiza kuti tsopano akhala pansi. Ayi ndithu. Ankayenda kuchoka pakhomo kukafika pageti, kubwerera, kukagwira mpopi ngati watsekedwa, kubwereranso kukaugwira kachiwiri. Anayamba kuyenda ndi kapepala m'thumba la shati, kulembapo chilichonse: ndamwa mankhwala, ndatseka windo. Kumsika anasiya kupita okha, ati mwina angasochere. Munthu amene ankadziwa mawaya onse a fakitale pamtima anandifunsa masana ena kuti, "Kodi ndadya?"

Inenso mtendere unandithawa. Ndikasoka, mzere unkapita kumbali. Tomato anayamba kupsa bwino, wofiira kuti psuu, koma ndinkadutsa pamenepo nkhope nditatembenuza. Kawiri konse ndinayamba kuti, "Bambo," iwo n'kucheuka, ine n'kumaliza ndi zoti sopo watha.

Sabata yachitatu anaitana wogula zitsulo kuti adzatenge zonse Lachisanu. M'mawa wa tsikulo anandipempha kiyi, n'kuyamba kutulutsa makapasita mmodzimmodzi, aliyense kumupukuta fumbi ndi kansalu asanamuike pakhonde. Kupukuta chinthu choti chikukaphwanyidwa ndi nyundo. Lole ya wogula zitsuloyo italiza hutala pageti, miyendo yanga inangonditengera kuseri kwa nyumba. Ndinamasula mawaya onse, tomato n'kugwera m'dothi, ndipo ndinabwera nawo pakhonde.

"Simunaiwale," ndinatero. "Ndinamasula ndine. Ndinamangira tomato. Ndipo tsiku lija munabweretsa kiyi ndinkadziwa."

Anayang'ana mawayawo nthawi yaitali. Anali opindikapindika, ena ali ndi timasamba. Ndinkadikira kuti akalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. M'malo mwake anaponya kansalu kaja pansi, nandigwira manja onse awiri n'kuwatembenuza, kuyang'ana zikhatho, kuyang'ana chala chilichonse.

"Munagwira timituto ndi manja awa? Mutamasula munakhudzanso?"

"Sindinakhudze."

"Mukunena zoona?"

"Pano ndiye ndikunena zoona."

Lole inalizanso hutala. Iwo anapisa m'thumba la shati, natulutsa kapepala kaja, nakawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako, koyamba m'masabata atatu, anakhala pansi, pasitepe pomwepo pakati pa zitini zawo.

"Pitani mukamuuze wa loleyo abwerere," anatero osandiyang'ana. "Ine ndikapita ndilira pamaso pake."