Mayi Immaculate Mateyu, Wosambitsa Maliro wa ku Thambani

Pa Misa, ikakwana nthawi yopatsana moni wamtendere, mayi Immaculate Mateyu amangowerama, manja ali m'chitenje. Atero zaka makumi anayi, kupeputsira anzawo ntchito yokana dzanja lawo.

Anabadwira kumapiri a kwa Kanduku, nabatizidwa ali khanda. Mawanga oyera anayamba kuwatuluka m'zala ali ndi zaka khumi ndi zisanu, kenaka pamilomo ndi m'zikope. Mudzi unagamula kuti ndi khate, nuwapatulira kapu yawoyawo. Mwamuna amene anawakwatira ku Thambani anaolokera ku Mozambiki mwana ali kumsana, osabweranso.

Kumphakati, tisabise, tinawaletsa kuphika pamaliro. Iwo anapempha ntchito yosambitsa mitembo ya amayi, ndipo palibe anatsutsa. "Akufa sanyansidwa," ankatero. Asambitsa ambiri, akupemphera chamumtima, ena mwa iwo omwe aja ankawathawa.

Chaka chino mdzukulu wawo Prudence, wa Sitandade 4, anatuluka banga pachibwano. Bambo a mwanayo, a Aloysius, analamula kuti asapitenso kusukulu.

"Mwamupatsira ndinu, apongozi. Si mumadya naye mbale imodzi?"

Agogowo nawonso ankaopa kuti n'zoona. Anakaulula kwa ansembe ngati tchimo, kenaka anamutengera mwanayo kuchipatala.

Namwino Liness anawagwira dzanja wopanda magolovesi. "Amayi, iyi ndi vitilaigo. Si khate, ndipo sipatsirana." Anawaonetsa pafoni anthu a ku India, ku Brazil, ku Kenya, nkhope zamawangamawanga, akuguba mumsewu dzuwa likuswa mtengo. Anati pa 25 Juni dziko lonse limakumbukira nthendayi, ndipo kumsonkhano wa ku Blantyre kukufunika munthu wa kuno ku Mwanza woti akalankhule.

Agogowo atakafotokoza zimenezi kunyumba, a Aloysius anaseka. "Zapafoni zimenezo. Akaimetu pagulupo, ndiwamve pawailesi. Ndikawamva, mwana abwerera kusukulu."

Mayi Immaculate sanapondepo ku Blantyre. Amaopa minibasi, amaopa makamera, koma koposa zonse amaopa maso a anthu amoyo. Masiku atatu chakudya sichinapite. Tsiku lachinayi, pochokera ku Misa yam'mawa, anatsitsa chikwama, naikamo yunifolomu ya Amayi Achikatolika, korona wopempherera ndi manachesi apaulendo. Zipi anatseka ndi Prudence.

"Agogo, mukuopa?"

"Kwambiri. Kawauze bambo ako agule mabatire a wailesi."