Mayi Zelesi, Amene Anakana Kutchula Mayina

Akulu a mpingo andipempha ine Bizwell, mlembi wawo kuno ku Biriwiri, kuti ndilembe mbiri ya Mayi Zelesi. Ndalemba, ngakhale mtima uli zii.

Anabadwa mu 1949. Bambo awo, a Yoramu, anabwera ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa, ndipo mtsikanayu anasiya sukulu kuti aziwasamalira. Anabatizidwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Atakwatiwa ndi a Goliati ankalima mbatata ya kachewere, ndipo Loweruka lililonse ankasesa m'tchalitchi popanda wowatuma.

Mwana wawo Fanizo ankanyamula matumba pamsika wa Lizulu. Anayamba ndi chamba, kenako mapilisi ndi mankhwala a chifuwa omwera botolo lonse. Atadwalika anapita naye kuchipatala, koma wina kumeneko anati, "Awa ndi odziputira okha, adikire." Anamwalira mu 2009. Mayi Zelesi sanalire mokweza, ndipo Loweruka lotsatira anabwera ndi tsache lawo.

Patapita zaka zinayi kunafika mayi wina wa kafukufuku, dzina lake Thokozile. Ankafuna kumva kwa ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo eni ake: akadwala amapita kuti, amalandiridwa bwanji, akafuna kusiya amawathandiza ndani. Panalibe wofuna kuoneka naye. Mayi Zelesi anapereka nyumba yawo yosungiramo mbatata, nadinda chala papepala lolonjeza chinsinsi. Obwera ankadzera kudimba, mmodzimmodzi. Ena mwa iwo Mayi Zelesi ankawaperekeza kuchipatala cha kutali kumene sakudziwika, n'kukhala nawo pamzere mpaka ataonedwa.

Mphekesera zinatipeza zoti ena mwa obwerawo ndi ana a mumpingo. Tinawaitanitsa Mayi Zelesi, ndipo wofunsa ndinali ine.

"Mayi, tipatseni mayina, tiwalange mwachikondi."

"Abambo Bizwell, ndinadinda chala. Ndipo mukawadula, abwereranso kwa yani?"

"Mukudziwa kuti mukakana muima mgonero? Ndipo mukamwalira muli choncho, maliro anu sitiimba."

"Ndikudziwa, abambo. Ambuye mayinawo akuwadziwa kale."

Tinawaimitsa mgonero kufikira atatchula mayinawo. Mawuwo ndinalemba ndi dzanja langa.

Kafukufuku anatha, Thokozile anabwerera kutauni. Anatumiza kabuku ka Chingerezi ka zimene anapeza, ndipo thandizo lomwe kabukuko kanapempha sitinalione kuno mpaka lero. Mayi Zelesi anakhala zaka khumi pabenchi la kumbuyo. Mbale ya mkate inkawadutsa, iwo atapinda manja. Chaka chilichonse ndinkapita kukawafunsa ngati asintha maganizo. Ankandiyalira mphasa, kundifunsa za kunyumba, ine n'kubwerera chimanjamanja. Ndinkawaona ngati munthu wouma mutu, ndipo ndinkanena zimenezo poyera.

Anamwalira Lachitatu masana, mwezi wa Juni chaka chatha, akuwothera dzuwa pakhonde. Mdzukulu wawo Regina anati ankayesa akugona. Lamulo tinalisunga. Amayi a mpingo anabwera osavala yunifomu, kwaya inakhala pansi, bokosi linapita kumanda kuli chete. Ine ndinkayenda kumbuyo, osamva chilichonse mumtima.

Tikubwerera kumanda, mwana wanga wina anandigwira mkono.

"Bambo, kunyumba ya mbatata kuja ndinkapitako. Mayi Zelesi anandiperekeza kuchipatala kasanu. Mankhwalawo ndinasiya kalekale. Ndinkafuna kudziulula kuti akulu awamasule, koma iwo anandiletsa, ati inu simungapirire."

Ndinafika kunyumba, ndinavula nsapato, ndinakhala.

Mwezi wotsatira akulu anagwirizana zofufuta chilango chija m'buku, mwini wake ali kale m'manda. Andiuza kuti nditsirize mbiriyi ndi chitsanzo chimene mayiwa atisiyira. Ndaphunzirapo chimodzi chokha. Ana ndili nawo asanu, onse amadya mgonero. Musandifunse kuti ndi uti.