Anati wadzigwetsa

Linali Lamlungu lomaliza mwezi wa Okutobala, nthawi itangokwana folo koloko madzulo, pamene mwana wanga anagwa pabwalo la mpira ku Thuchila. Ine ndinali pompo, kuseri kwa chingwe chozungulira bwalolo, ndikugulitsa chinangwa chophika ndi madzi akumwa.

Anali wachisamba wanga. Mkati mwa sabata ankathyola tiyi ku esiteti, Lamlungu ankasewera kutsogolo m'timu ya kwathu. Mpira ankautha, koma anali ndi khalidwe limodzi. Akafika pafupi ndi golo, wina akangomukhudza malaya, ankadzigwetsa n'kumagubuduzika ngati wathyoka mwendo. Penate ikaperekedwa, ankadzuka ali bwinobwino. Kunyumba ankandionetsa pakhonde mmene amagwera.

"Amayi, kugwa n'luso. Enawa amangogwa ngati thumba la nandolo."

"Udzang'amba kabudula, chitsiru iwe," ndinkatero. Koma ndinkaseka.

Woyimbira mpira tsikulo anali bambo wina waimvi wa ku Milonde. Miyezi iwiri m'mbuyomo mwana wangayu anawapusitsa, iwo n'kupereka penate, ndipo anthu a timu inayo anawathamangitsa ndi miyala mpaka m'minda. Zitatero akomiti anagwirizana kuti wodzigwetsa azilandira khadi yachikasu, komanso munthu asamadumphe chingwe woyimbira asanakodole. Nanenso ndinati lamulo labwino.

Ndiye tsikulo mwana wanga anagwa. Palibe amene anamukhudza, ndinaona ndi maso angawa. Mawondo anangopinda, iye n'kugwa chafufumimba. Woyimbira analiza wezulo, anaima pamutu pake khadi ili m'mwamba. Bwalo lonse linakuwa.

"Wayambapo uja! Dzuka, takudziwa!"

"Mubweretsereni mphasa agoneretu!"

Mayi wogulitsa nzimbe pambali panga anandikodola ndi chigongono. "Anzanga, nanga lero sakugubuduzika bwanji mwana wanuyu?"

Ndowa ya madzi inali pamapazi panga. Ndinayang'ana chingwe, ndinayang'ana dzanja la woyimbira. Silinaitane munthu. Ndiye nanenso ndinakuwa: "Dzuka iwe, ukutichititsa manyazi!"

Mawu omaliza amene ndinamuuza ndi amenewo.

Amene anazindikira ndi goloboyi wa timu inayo. Anamukoka mkono kuti amudzutse, mkonowo n'kungogwa pansi wokha. Anagwira kumutu n'kuyamba kufuula. Anamukweza pa njinga yamoto, mnzake atamugwirizira kumbuyo, ine ndikutsatira pa kabaza wa njinga yakapalasa. Pamene ndinkafika kuchipatala n'kuti atamufunditsa kale. Anati ndi mtima. Ndinafunsa ngati akanachira tikanafulumira. Adokotala anati, "Mayi, zimenezo sindingazidziwe."

Maliro atatha, anzake a m'timu anafuna kupita ku Milonde ndi zibonga. Ndinawaletsa, ngakhale usiku uliwonse ndinkawatukwana bambowo mumtima. Patapita sabata anabwera okha, akukankha njinga. Ndinawapatsa mpando, iwo anakhala pansi.

"Mayi, ndinaona zimene ndinazolowera kuona. Khadi ija ndinaitulutsa ndisanamuyang'ane kumaso."

"Mukanene pagulu kuti tsiku lija sanadzigwetse," ndinatero.

Anakanenadi, Lamlungu lotsatira, pakati pa bwalo. Akuti anthu anavula zipewa. Akomiti anachotsa lamulo la chingwe, la khadi anasiya. Kaya anachita bwino kaya ayi, ine sukulu ndinalekera Sitandade 3, za malamulo a mpira sindingaweruze.

Chimene ndikudziwa n'chakuti bambo aja mwana wanga anawanamizapo, mpaka anagendedwa chifukwa cha iye. Anali ndi chifukwa chokaikira. Ine ndinamubereka. Kugwa kwake kwabodza ndinkakuonera pakhonde panga, ndinkadziwa kuti akamanama amasuzumira ndi diso limodzi. Tsiku lija nkhope inali m'fumbi, ndipo chingwe chija chinkangondifika m'chiuno.

Ndowa ija ndinapatsa mchemwali wanga. Chinangwa ndimaphikabe. Lamlungu ndikatuluka m'tchalitchi ndimachisenza kupita nacho ku Chinakanaka, kumsewu, kumene wezulo samveka.