Makutu Anatsala ku Macheka

Amuna anga anali ocheka matabwa m'nkhalango ya paini ya ku Viphya. Kwathu tonse awiri ndi ku Dowa, ku Mzimba inatitengera ndi ntchito. Katundu amene tinafika naye anali wochepa: mphasa, sutikesi imodzi, galamafoni ya mabatire ndi katoni ya mbale za nyimbo. Galamafoni ndi mbalezo anawasiyira achimwene awo amene anagwirako ntchito ku Joni.

Zinali nyimbo za jazi. Poyamba ine sizinkandilowa. Munalibe woimba mawu, ndipo nyimbo imodzi inkatha kutalika mpaka madzi kuwira pamoto. Koma Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi, iwo ankatulutsa galamafoni pakhonde, kupukuta mbale ndi kansalu koyera, n'kundiitana.

"Tamverani, mayi," ankatero. "Anzakewa akuthamanga, koma wa lipengayu sakufulumira. Mwamva pamene wangokhala chete? Akudikira wa piyano amalize kulankhula. Munthu waulemu ameneyu."

Ankawadziwa onse ngati anzawo a kuntchito. Pa zikuto za mbalezo panali zithunzi za amuna akuda ovala masuti, wina atatsinzina, thukuta lili kamukamu. Chikuto chimodzi chinali ndi mkazi wovala buluku. Chimenecho anachikuta ndi nyuzipepala, chifukwa masiku amenewo buluku la mkazi linali mlandu, ndipo anyamata a chipani ankatha kufika pakhomo osagogoda.

Pang'onopang'ono ndinayamba kumva. Ndinakonda kwambiri wina woimba gitala wamkulu woimirira, amene ankayenda pansi pa anzake onse osadzionetsera.

Chaka chachisanu ali pamacheka, amuna anga anayamba kudandaula kuti m'makutu mukulira nyenje. Kenako tsiku lina anati singano ya galamafoni yatha, chifukwa timbale tachitsulo ta woimba ng'oma sitikumvekanso. Ine ndinkatimva bwinobwino, koma sindinanene. Ndinakwera lole mpaka pa Boma, ndinaonetsa khadi la chipani pachipata cha msika, ndinazungulira masitolo mpaka ndinaipeza singanoyo. Ataiika, anamvetsera nyimbo yonse, kenako anandiyang'ana.

"Inu mukutimva?"

"Ndikutimva."

Anabweza mbale m'chikuto.

Kuchipatala anawaunika m'makutu. Amene anatithandiza anali bambo wachifundo, ndipo anatiuza mosabisa m'Chitumbuka kuti mankhwala palibe: "Munkhwala palije, dada. Macheka awononga chomene. Zingopitirira." Amuna anga anathokoza kuti yewo, tinatuluka. Mawa lake anapita kuntchito monga mwa masiku onse, chifukwa kunalibe kwina kopita.

Pambuyo pa timbale tija panatayika piyano. Lipenga linakhalitsako. Lamulungu ankatulutsabe galamafoni, koma tsopano wofotokoza ndinali ine. Ndinkakhala pafupi ndi khutu lawo lakumanzere, limene linali ndi kamoyo pang'ono.

"Wa piyano walowa," ndinkatero mokweza.

"Walowa bwanji? Mofatsa kapena mokwiya?"

"Mofatsa."

"Ayi, mayi, mvetserani bwino. Pamenepo amagunda kawiri ngati munthu wopunthwa."

Ndikamvetsera, zinalidi choncho. Nyimbo zonse zinali m'mutu mwawo. Chimene ankafuna kwa ine n'kungodziwa pamene singano yafika.

Ntchito inatha tsiku limene chipika chinagubuduka pamulu. Kapitawo anakuwa, onse anathawa, amuna anga anangoima atapereka msana. Chinawaphonya pang'ono. Sabata yomweyo anawapatsa kalata yowachotsa ntchito. Kubwerera ku Dowa manja lendelende anakana, ndiye tinakalowa utenanti wa fodya pa munda wina kufupi ndi Champhira.

Kumeneko ndi kumene anatulukira njira yawo. Tsiku lina masana ndikuchokera kumadzi, ndinawapeza atagwada pansi, mano ataluma m'mphepete mwa bokosi la galamafoni, mbale ikuzungulira. Misozi inkatsika. Atandiona anasiya kuluma.

"Wa gitala wamkulu uja ndikumumva," anatero. "Akudutsa m'mano mpaka m'mutu. Enawo kulibe, koma iye alipo."

Kwa miyezi ingapo nkhope yawo inabwerera. Ankasoka fodya m'chigafa akung'ung'udza, mosalondola koma mokondwa. Bokosi lija linadzaza zipsera za mano.

Amene anatiwonongera anali mayi wina woyandikana nafe, wobwera kudzabwereka sefa. Anasuzumira pakhomo n'kupeza bambo wamkulu atagwada, ataluma bokosi, maso ali tsinzinu. Sefayo sanaitengenso. Pofika Lachitatu, nkhani inali ponseponse. Ena ankati amuna anga apenga, ena ankati n'zizimba za fodya. Ana ankati akawaona amaluma mitengo n'kumagubuduka ndi phwete. Kunyozako amuna anga sankakumva, koma maso anali nawo.

Lamulungu lotsatira sanatulutse galamafoni. Ndinawauza kuti titseke chitseko, palibe atione. Anapukusa mutu.

"Ndakhala galu woluma matabwa," anatero. "Anthu amene anaimba nyimbozi anavala masuti. Sindingawamvere nditagwada."

Ndinayesa kangapo. Tsiku lina ndinaika ndekha mbale imene ankaikonda, n'kuwakoka dzanja kuti angogwira bokosi. Analichotsa dzanjalo mofatsa, anatenga khasu, anapita kumunda ngakhale kunalibe cholima.

Kuyambira pamenepo mawu awo anayamba kuchepa. Anthu akabwera ankangomwetulira n'kulowa m'nyumba. Tinakhala pa Champhira zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo sindikumbuka tsiku limene tinacheza nkhani yaitali. Anamwalira ndi chifuwa nyengo yokolola chimanga.

Pokonzekera ulendo wa ku Dowa ndinatsegula katoni ija. Denga la udzu linkadontha pakona imeneyo ife osadziwa. Zikuto zinali zitamatirirana, nkhope za oimba zitadyeka ndi chiswe, mbale zambiri zitapindika. Zitatu zokha ndi zimene zinali zowongoka, ndipo galamafoni nayo inali itafa ndi chinyezi. Ndinafunsa aphunzitsi a pasukulu yapafupi ngati angazifune, anati alibe poimbira. Ndinafunsa mwini munda, anati nyimbo zopanda mawu n'zantchito yanji.

Woyendetsa lole anati malo ndi ochepa, ndisankhe pakati pa katoni ndi thumba la chimanga. Ndinakweza chimanga.