Buku la Mayina la Bambo Simoni

Bambo Simoni anali mphunzitsi wothandizira pa sukulu ya mishoni ku Itepela, munthu wamiyendo yowonda ngati mapesi. Anaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu, ndipo mnyamata aliyense amene anadutsa m'manja mwawo anamulemba m'buku lakuda.

Chaka cha 1956 denga la sukulu linawola. Padiri anayang'ana m'mwamba nati, "Likapanda kufoleredwa mvula isanagwe, nditseka. Ana azipita ku Mandimba."

Ku Mandimba, mwana wa ku Itepela angakafikeko ndi miyendo iti? Bambo Simoni anati akaitana ana awo a sukulu akale adzafolere mongodzipereka. Anavala jekete la khaki limene Padiri anawapatsa, kuti aoneke aulemu wake, namangirira buku panjinga.

Ku Mitande anaima pabwalo, natsegula buku, nayamba kuitana mokweza monga ankachitira kusukulu m'mawa uliwonse.

"Athumani?"

"Wapita kumaliro," anatero mayi wina akupeta.

"Amidu?"

"Nayenso kumaliro."

"Maliro ake a yani, mayi?"

"Sanatiuze."

Kuseri kwa nyumba chinangwa chinkagwedezeka popanda mphepo. Mudzi wachiwiri, maliro. Wachitatu, maliro. Anthu anatha kufa chaka chimenecho.

Anapalasa mpaka ku Cuamba, matako atachita matuza. Kusiteshoni anapeza Samuele, mwana wawo wakale, akusenza matumba a thonje. Samuele anabisala kaye kuseri kwa ngolo, kenako anatuluka akupukusa mutu.

"Aphunzitsi, khaki pathupi, buku m'manja, mayina pakamwa. Amayenda choncho ndani, kupatula asipayi, apolisi a boma ogwira anthu kukakumba misewu pa chibalo? Amidu wawolokera kale ku Nyasalande chifukwa cha inu."

"Koma ndine ndinamuphunzitsa kulemba dzina lakelo."

"Eya. N'chifukwa chake akudziwa kuti lili m'bukumo. Inenso sindingabwere, kapitawo sangandilole."

Pobwerera tayala linaphulika. Anaikankha njingayo masiku anayi, jekete atalipinda pansi pa buku, osaitananso munthu. Mtima unali utavomera kale kuti sukulu yatha.

Atafika kusukulu anapeza mitolo ya udzu itatsamira khoma, amayi atatu atakhala pamthunzi akuchotsa minga kumapazi. Anali Beatriz, Elena ndi Zainabo, amene anakhalapo m'kalasi mwawo chaka chimodzi chimodzi asanakwatiwe. Bambo Simoni anatsegula buku mwachizolowezi, nayendetsa chala.

"Musavutike, mulibe," anatero Zainabo. "Atsikanafe simunkatilemba. Munkati inki ndi yodula, tikwatiwa mawa."

"N'chifukwa chake sitinathawe," anawonjeza Elena. "Kwerani, aphunzitsi. Ife tamweta, kufolera ndi kwa amuna, ndipo mwamuna amene watsala ndinu."

Anakwera, maondo akulira. Amayi ankaponya mitolo, iwo n'kumamanga ndi luzi. Udzu unathera pakati pa denga.

Padiri anabwera, nayang'ananso m'mwamba. "Theka?"

"Ana azikhala mbali yofolerayi."

"Nanga inu?"

Bambo Simoni analoza mbali yosafolera, ndipo Padiri sanatseke sukuluyo.

Mvula itagwa ana anathinana mbali youma, Bambo Simoni ataima mbali yodontha, madzi akutsikira m'khosi. Buku analisiya m'manja mwa mwana wamkazi wa Beatriz kuti lisanyowe. Dzina la mwanayo tsopano linalimo. La Amidu linalinso momwemo, koma mwini wake sanabwererenso.