Oilo Wokana Kuda

Pikapu yanga ndinaigula kalekale, chaka chimene fodya anatikomera ku okushoni, ndipo moyo wake wonse yamwa oilo wamtundu umodzi: wokhuthala uja amene aliyense kuno ku Chamama amathira. Akada timakhetsera m'beseni n'kukapaka mapanda a chigafa cha fodya kuti chiswe chisadye. Yokwawa kunsi kwa galimoto inali ntchito yanga mpaka msana utandikana. Kuchokera pamenepo anaitenga mwana wanga wamwamuna, yekhayo pakati pa ana aakazi. Iye ankagona chagada pa thumba la feteleza, ine nditakhala pa chitsa, kumupatsira sipanala uku ndikumukalipira kuti akuchedwa. Pakamwa panga sipauma, anthu amandidziwa. Iye ankangoseka kunsiko, n'kumati injiniyo inazolowera kukalipiridwa, tsiku limene ndidzakhale chete sidzalira.

Chaka china, titangomaliza kugulitsa fodya, tinapita tonse kusitolo kukagula oilo. Mwini sitoloyo ndi Msilamu wina waulemu, tagula kwa iye zaka zambiri. Ine ndinaitanitsa wa masiku onse, koma mwana uja analoza kachigubu kena pamwamba pa shelefu, kofumbirira chifukwa chosowa ogula. Anati tithire ameneyo, wa sinthetiki.

Ndinakana. Ndinati injini yokalamba ili ngati mimba ya nkhalamba, siifuna zakudya zachilendo. Mwini sitolo anatsitsa kachigubuko n'kundifotokozera mofatsa kuti oilo ameneyu sapsa msanga injini ikatentha, m'mawa wozizira wa mu Juni amafika msanga paliponse, ndipo amayenda mtunda wautali asanafune kusintha. Ndinati ndi madzi chabe amenewo, adzangodontha. Iye anandionetsa manambala a pachigubu kuti kukhuthala kwake n'kofanana ndi kwa amene timathira. Ndinafunsa kuti nanga akamachedwa kuda, chigafa changa ndizipaka chiyani, malovu? Onse anaseka. Mwana uja sanatsutsane nane monga ankachitira, anangopisa m'thumba n'kulipira yekha.

Akupereka kachigubuko, mwini sitolo anati, "Mwaganiza bwino achimwene. Ku Joni n'kutali, madalawa asamavutike kukwawa pafupipafupi."

Ku Joni. Ndinayang'ana mwana wanga, iye anayang'ana pansi. Kani Chamama yense ankadziwa kuti akupita, ngakhale mayi ake, amene ndimadya nawo mbale imodzi, ankadziwa. Ankaopa pakamwa pangapa. Tinabwerera kunyumba kachigubu kali pakati pathu pampando.

Madzulo ake anakwawa kunsi, anakhetsa wakale, anasintha fyuluta, n'kuthira watsopano. Unali oilo woyera mbee, wooneka ngati uchi. Ndinamufunsa kuti nazale adzathirira ndani, mabelo adzadinda ndani, nanga ine ndi msana wangawu anandiganizira bwanji. Anati akufuna akayeseko kwina, fodya wamutopetsa. Ndinakalipa mpaka mawu anandithera. Iye anapukuta manja, n'kutseka boneti.

"Bambo, musauze munthu wina asinthe. Akadzada mudzandiimbire, ndidzabwera kudzasintha ndekha."

Anapita sabata yotsatira. Sindinamuperekeze kokwerera basi, ndinati mwendo ukupweteka, koma chimene chinkapweteka ndi mtima.

Mawu ake aja ndinawagwiritsa. Ndinaganiza kuti ngati kubwera kwake kwadalira kuda kwa oilo, ndiye oiloyo ade msanga. Ine amene ndinkaumira pikapu yanga, osalola ngakhale nkhuku kuimwera madzi a patayala, ndinasanduka dalaivala wa mudzi wonse. Maliro ku Simlemba, ndine. Amayi a mvano akufuna kukaimba ku Lisasadzi, ndine. Wina ali ndi kathumba kamodzi kopita kuchigayo, koti njinga ikanatha, ndimati kwezani. Anthu anayamba kunena kuti mkulu uja watembenuka mtima paukalamba. Mayi a kunyumba ankati ndikungowotcha petulo, koma ankanena mosakweza mawu, chifukwa ankadziwa chimene ndinkachita.

M'mawa uliwonse ndinkatsegula boneti, kusolola kachitsulo koyezera oilo, n'kukapukutira pa kansalu koyera. Uchi basi. Ndinadutsa m'fumbi la mu Okutobala, ndinatitimira m'matope a dzinja, ndinanyamula njerwa za tchalitchi mpaka masipulingi kuwongoka, koma oilo uja ankangofiirira pang'ono ngati tiyi wopanda mkaka wosungunula. Tsiku lina ndinapita kukamukalipira mwini sitolo kuti anandigulitsa oilo wamakani, wokana kuda. Anayamba kuseka, amvekere ndine woyamba kudandaula kuti katundu wake ndi wolimba. Atandiyang'ana kumaso analeka kuseka, n'kundikokera mpando. Anandiuza kuti mtundu siwo umanena zonse, oilo amafuna kusintha nthawi yake ikakwana ngakhale akuoneka bwino. Ndinamuyankha kuti zimenezo akauze ena, ine ndinauzidwa kuti akada.

Poyamba mwanayo ankaimba foni pafupipafupi, kufunsa za mvula, za ng'ombe, za msana wanga. Kenako anayamba kuimba mwa apo ndi apo, ati ntchito yachuluka. Fodya tinabzala ndi aganyu. Mapanda atsopano a chigafa ndinasowa chopaka, mpaka ndinakapempha oilo wakuda kwa mwini chigayo, ine mwini galimoto, manyazi ake.

Oilo wa m'pikapu uja anadzada tikuthyola fodya womaliza. Ndinasolola kachitsulo, kansalu kanada bii. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone, ndipo anabwera akuthamanga, kuganiza kuti ndadzipweteka. Ndinasangalala ngati mwana, ndinawauza kuti akonze chipinda cha mwana wathu, tambala wamkulu uja asamugulitse. Ndinakwera pachulu pamene foni imagwira bwino, n'kumuimbira.

Anayankha pali phokoso la magalimoto. Titapatsana moni ndinamuuza kuti oilo uja wada.

"Oilo uti, bambo?"

Kenako anakumbukira, anaseka pang'ono, n'kufunsa ngati mpaka pano sitinasinthe. Anati tisachedwe, tingaphe injini. Anati mapepala ake sanalongosoke, akatuluka sadzalowanso, ndiponso kuli mkazi amene akukhala naye, ndi woyembekezera. Zonsezi anazinena mwaulemu, sanandilakwire mawu ngakhale amodzi.

"Auzeni alamu asinthe. Chaka chino sindibwera, mwina ndi chamawa chomwe."

Ine wa pakamwa uja ndinangoti chabwino, ukhale bwino kumeneko. Ndinatsika pachulu. Mayi ake anandiona nkhope n'kubwerera kukhitchini.

Pikapu inakhala pansi pa mtengo masabata angapo osayenda. Amene ankabwera kudzapempha ulendo ndinkawauza kuti yadwala. Koma mabelo anali atadindidwa, ofunika kunyamula, ndipo mayi a kunyumba anati kuumira kwangako kudzatiphetsa galimoto, mwana tamusowa kale, tisasowenso ndi miyendo yomwe. Anatumiza mawu kwa mkamwini wathu, mwamuna wa mwana wanga wamkulu, munthu wofatsa amene sindinamukalipirepo chifukwa ulemu wa chipongozi sulola.

Anabwera m'mawa ndi sipanala yake, anayala thumba, n'kukwawa. Ndinamva akukukuta mano kunsiko. Bawuti lokhetsera oilo linakana. Anayesanso, linakananso. Anatulutsa mutu, thukuta lili kamukamu.

"Apongozi, amene anamanga apa anali ndi dzanja. Ndiike paipi kusipanala?"

Ndinayang'ana miyendo yotuluka kunsi kwa galimoto ija, miyendo ya mwana wa eni. Pakhomo ponse panalibenso china chimene mwana wanga anachigwira chikadali mmene anachisiyira, koma bawuti limenelo. Ndinafuna kunena kuti alisiye, injini ife ngati ikufa. Mkamwini ankadikira, paipi ili m'manja.

Ndinati aike.

Bawuti linalira kamodzi n'kumasuka. Ndinadzuka pa chitsa ndi kupita kuseri kwa chigafa, ndipo kumeneko ndinalira, mkulu wa mpingo ine, misozi yeniyeni. Ndinkamva mkamwini akuitana kuti apongozi, beseni lija lili kuti, oilo akutayikira pansi.